Kompyuta ya Malemu Bonifasi

Madisi,
3 Seputembala 2025

Achimwene a Isake,

Muli bwanji kumeneko ku Joni? Kuzizira kunatha? Ife kuno tilipo, fumbi ndi chifuwa basi. Amayi ku Dowa ali bwino, ndinawapeza sabata yatha akuswa mtedza. Akuti inu mumakonza mafoni a dziko lonse koma yanu yokha siimba.

Kalatayi ndaitayipa ndipo ndiitumiza pa WhatsApp, chifukwa pafoni sindingamasuke. Shopu mukuidziwa, khoma lake ndi la pulayiwudi, telala wa mbali inayo amamva ngakhale ndikameza malovu.

Nkhani ndi ya kompyuta. Yayamba kutulutsa uthenga wodzaza sikirini yonse, woti Windows 10 imene ilimoyi eni ake asiya kuisamalira pa 14 Okutobala, ndiye tiike Windows 11. Ndinadina pamene akuti tidine, iyo n'kundiyankha kuti makinawa ndi okalamba, sangainyamule. Ndiye nditani? Inu ndi amene mumakhalira kutsegula mimba za makompyuta. Imeneyi ndiye munda wanga: makalata ofunsira ntchito, mayeso a aphunzitsi, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro, zonse zimatuluka m'menemu.

Koma musanayankhe kumbukirani kuti kompyutayi si yanga. Ndi ya malemu mlamu wanu Bonifasi, ndipo akwawo ku Malomo sanandisudzulebe. Pamaliro paja anati katundu wa malemu asasunthe, asagulitsidwe, asasinthidwe, mpaka ankhoswe adzakhale pansi n'kundimasula. Anati zichitika tikamanga chiliza. Chiliza tinamanga chaka chatha, penti yake yayamba kale kusuluka, koma ine ndikadali mkazi wa munthu amene wagona pansi pake. Amayi apeza chipinda ku Dowa Boma pafupi ndi msika, mwini wake akuti asunga mpaka Khirisimasi. Akuti ntchito yotayipa kumeneko ndi yambiri. Koma popanda chisudzulo sindinganyamule ngakhale waya.

Apongozi anga a Margareta amabwerabe mwezi ndi mwezi kudzatenga mankhwala a BP kuchipatala cha mishoni, n'kugona kwanga masiku angapo. M'mawa amanditsatira kushopu. Amalowa osaodira, poti ndi kwa mwana wawo, n'kukhala pa kampando kudikira kuti ndiyatse kompyuta. Paja Bonifasi anaika chithunzi chake polowera, atavala jekete ya kwaya, dzina lake m'munsi. Chikaonekera amapumira m'mwamba, ndiye kuti tsiku layamba. Inenso tsiku lililonse ndimayamba ndi nkhope imeneyo. Ndimakhala kaye chete ndisanalembe pasiwedi yake.

Chimwalirireni amalume, nkhoswe yanga ndinu. Chonde nkhani ya ku Malomo muikumbukire.

Ine mlongo wanu,
Tabita

Johannesburg,
22 Seputembala 2025

Tabita mlongo wanga,

Ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mulipo. Pepa ndachedwa kuyankha. Bwana wathu watsegula shopu yachiwiri koma antchito sanawonjezere, ndiye ndikungokhalira mumsewu. Moyo ulipo, msana wokha ndi umene wafulumira kukalamba. Amayi uwauze kuti ndiimba Lamulungu.

Za kompyuta, njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kugula ina yatsopano yoti inyamule Windows 11. Imeneyo tingoiiwala, iwe ulibe, ine ndilibe. Yachiwiri ndi kuchotsamo Windows n'kuikamo ina yotchedwa Linux. Ndi yaulere, ndipo si yakuba ayi, anthu anaipanga kuti aliyense atenge. Imayenda bwino m'makompyuta okalamba ngati yakoyo, ndipo mavayirasi ambiri a m'mafulashi a makasitomala sailuma. Potayipira pali pulogalamu yofanana ndi imene unazolowera, sabata imodzi wagwira. Kuno ndaikira anthu ambirimbiri. Wobwera kudzadandaula anali mmodzi, ndipo ameneyo amadandaula ngakhale za mphepo.

Pa 14 Okutobala kompyuta siiphulika, usaope. Ingokhala ngati nyumba imene mlonda wasiya ntchito. Akuba sabwera tsiku lomwelo, koma amva.

Linux ndaiika mu fulashi yofiira, ndampatsa transipota wina wa ku Mponela pamodzi ndi bulangete la amayi. Akunyamuka sabata ino. Pakali pano kopera mafayilo onse a makasitomala pa fulashi ina, usachedwe.

Tsopano zinazo. Pamene unalemba kuti umakhala chete pamaso pa chithunzi cha Bonifasi ndinawerenga kawiri, mtima unandipweteka. Ndikudziwa mmene munkakondanira. Amayi athu ndi opupuluma, iwe ukuwadziwa, asakukokere ku Dowa mtima ukadali ku Madisi. Za ku Malomo ndazikonza kale, ndawaimbira a Alexio, nkhoswe ya kuchimuna, ndipo tamvana bwino. Iwe gona tulo.

Mchimwene wako,
Isake

Madisi,
27 Okutobala 2025

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino. Muli bwanji?

Fulashi yanu sinafike. Transipota wanuyo tsiku lina akuti galimoto yagwidwa paboda, tsiku lina akuti ali pamaliro, masiku ena foni imangolira. Bulangetelo amayi adzafunda mu Juni.

Pa 14 panadutsa, sinaphulike, munanena zoona. Komatu akuba aja anamva. Aphunzitsi ena anabwera ndi fulashi kuti ndiwasindikizire mayeso, mkati muli vayirasi. Mwamwayi mafayilo ndinali nditakopera. Koma kompyuta tsopano ndimayatsa, kusesa shopu, kukagula mandasi, pobwera ndimaipeza ikuganizabe. Aphunzitsiwo asamukira kushopu yatsopano ya kudepoti, ndipo atenga anzawo.

Ndiye Loweruka ndinatseka, ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Malomo kukapempha kuti tsiku la chisudzulo alitchule. A Alexio ndinawapeza kunazale akuthirira fodya. Anandilandira bwino, koma atamva chimene ndadzera anaika khani pansi n'kundiyang'ana. Akuti nkhoswe yako yomwe inatiimbira kuchokera ku Joni kuti tisakufulumize, mtima wako ukadali pa mwamuna wako, tidikire chaka china. Akuti iwo anali atayamba kale kukamba za Novembala, ozengereza anali apongozi okha, ndipo foni yanu ndi imene inawapatsa poyedzamira. Ndinakhala pansi pompo, pamatope.

Mwina ndinalemba mozungulira, ndiye lero ndinene mosapsatira mawu. Bonifasi ndinamukonda, ndinamudwazika miyezi yonse ija, ndinamulira mpaka mawu anatha. Koma ndatopa, achimwene. Ndikakhala chete m'mawa sindikhala ndikulira, ndimakhala ndikutolera mphamvu zolembera pasiwedi ya munthu wakufa. M'kompyuta imeneyi ine mulibe. Ndimalowa ngati Bonifasi, chikalata chilichonse ndikasunga chimati wolemba ndi Bonifasi, pamsika anthu akamalozerana njira amati pita kwa Bonifasi. Za ku Dowa si amayi akundikoka. Ndine ndinawatuma kufunafuna chipinda.

Mukanandifunsa kaye. Mumatha kufunsa kasitomala kuti foni yayamba liti kuvuta, nanga mlongo wanu?

Chinanso. Pofotokozera a Alexio za Linux ndinanena kuti pamafunika kufufuta zonse za mkati. Nkhaniyo inafika kwa apongozi ndisanatsanzike. Sanandiperekeze.

Tabita

Madisi,
11 Novembala 2025

Kwa ankhoswe a Isake,

Ndine Margareta, make Bonifasi. Landirani moni m'dzina la Ambuye. Ine maso anakana kalekale, ndiye kalatayi ndikunena pakamwa, akutayipa ndi mlongo wanu yemweyo. Ndamuuza kuti ndilipira ngati kasitomala aliyense kuti asachotsepo mawu.

Ndamva kuti mwatumiza kanthu kofufutira mwana wanga mu kompyuta. Inu munayamba bwino, munati tidikire. Tsopano mwatembenuka bwanji? Mlongo wanu ndi mkazi wabwino, sindinama, mwana wanga anamusamala mpaka tsiku lomaliza, kumusambitsa, kumutembenuza, kumumwetsa phala ndi supuni. Koma ali ndi liuma, ndipo masiku ano akandiona ndikutsika minibasi nkhope yake imagwa. Akuyesa kuti sindiona. Alembe zimenezo.

Akuti andisindikizira chithunzi chachikulu chamitundu kuti ndikapachike kwathu. Chithunzi ndili nacho kale pakhoma, pambali pa cha Amayi Maria. Chapakhoma sichidzuka. Ichi cha m'kompyuta chimayamba ndi mdima, umadikira, umadikira, kenako uyo watulukira ndi jekete yake ya kwaya, monga ankatulukira kuchipinda m'mawa tulo tili m'maso. Ana anga ena ndinaika kale m'manda, koma mwa onsewo palibe wina amene amadzuka.

Ndikamusudzula Tabita anyamula zonse kupita ku Dowa. Ine ku Dowa ndikapita ngati ndani? Mankhwala anga ali ku Madisi.

Za Windows zanuzo sindizidziwa. Akuti yakalamba, eni ake aisiya. Inenso ndakalamba, eni anga anandisiya, koma ndikuyendabe. Inu muli kutali, mumayankhula pafoni n'kudula. Ife otsala kuno ndi amene timagona nazo.

Ndatha ine,
Margareta

Achimwene, ndatayipa monga ananenera, sindinachotsepo, sindinawonjezere. Ndalama yawo ndinakana, ndaipeza pansi pa kiyibodi atapita. T.

Johannesburg,
30 Novembala 2025

Tabita,

Ndikhulupirira mulipo nonse. Makalata onse awiri ndinalandira, ndinangosowa poyambira. Ndinaphonya, mlongo wanga. Ndinayesa ndikukutchinjiriza, osadziwa kuti ndikukutsekera. Undikhululukire.

A Alexio ndawaimbiranso. Anandiseka, akuti mawu a nkhoswe si malaya osintha m'mawa ndi madzulo. Kenako anati iwo alibe nazo vuto, koma mayi wamkulu akapanda kuvomera palibe angayale mphasa, komanso mvula yagwa, aliyense ali kumunda kuwokera fodya. Akuti mwina tikakolola. Ndinaganiza zobwera ndekha, koma pepala langa lokhalira kuno linatha, latsopano silinatuluke. Ndikadutsa paboda sindibwereranso, ndiye tonse tikhala tikudya dothi.

Kalata ya a Margareta sindinaiyankhe. Ndingawauze chiyani?

Koma ndaganiza njira. Fulashi ikafika, uilowetse, uyatse kompyuta ukudinadina F12, usankhe fulashiyo. Pakati pa ntchito ikufunsa ngati iike Linux pambali pa Windows, zonse ziwiri zizikhala m'kompyuta imodzi, kapena ifufute zonse n'kuyamba mwatsopano. Kenako ikufunsa dzina la mwini wake. Ndiye iwe uchite zimenezi iwo ali ku Malomo. Ufufute zonse, pa dzina ulembe Bonifasi, chithunzi chija uchiikenso polowera. Ndikuonetsa pochiikira, n'kosavuta. Maso awo ndi ofooka, sazindikira kuti mkati mwasintha. Iwo aziona mwana wawo, iwe uzigwira ntchito ndi makina othamanga, chisudzulo chidzabwere nthawi yake. Ngati ukuopa kufufuta, sankha zoika pambalizo.

Sindikunena kuti ndi njira yokongola. Koma ndili kuno ndi manja awiri ndi sikuludiraiva, china chimene ndingakuchitire ndilibe.

Isake

Madisi,
21 Disembala 2025

Achimwene,

Tilipo. Chimanga cha amayi chamera bwino, feteleza ndiye nkhani ina.

Fulashi yafika dzana. Bulangete likununkha dizilo ndi nsomba, koma amayi alilandira ndi manja awiri. Fulashiyo ndaiika m'chitini cha mapini.

Nzeru zanu ndamva, koma ayi. Katundu wa malemu sindisintha mwakuba ngati mfiti, ndipo gogo wodwala BP sindimunamiza. Komanso taganizani bwino zimene mukundiuza. Ndisese nyumba yonse, ndipake laimu, kenako ndi manja anga ndilembenso Bonifasi pachitseko? Panopa dzinalo analemba yekha, ndimangopirira. Ndikalemba ine, ndiye kuti ndavomera. Zoika pambalizo nazonso ayi, mapanga awiri avumbwitsa.

Chipinda cha ku Dowa chapita. Mwini wake wapatsa wometa tsitsi, ndipo sindingamunene, anadikira mokwanira. Makasitomala atsala ochepa, okhawo amene ankaimba kwaya ndi Bonifasi. Amakhala pabenchi kudikira kompyuta idzuke, amvekere sunga khosi mkanda uoneka. Khosi ndasunga mpaka lauma.

Khirisimasi yabwino. Muwaimbire amayi, Lamulungu lija silinafikebe.

Tabita

Madisi,
9 Febuluwale 2026

Achimwene a Isake,

Muli bwanji? Msana ukuti chiyani? Pepani kukhala chete, ndinkafuna ndiyambe ndaona pothera pake. Mukaona zilembo zasintha pang'ono musadabwe, kalatayi ndaitayipa pa Linux yanu ija.

Apongozi anabwera kumayambiriro kwa Januwale, mvula ili tsiku ndi tsiku. M'mawa tinapita kushopu monga mwa nthawi zonse, iwo pa kampando, ine n'kuyatsa. Mdima, kudikira, nkhope inatulukira. Ndisanagwire kiyibodi sikirini inazima yokha n'kuyambiranso. Nkhope, mdima. Nkhope, mdima. Vayirasi ija inali itamaliza ntchito yake. Ndinayesa tonse timene ndimadziwa, osatheka. Bambo wina amene amafuna kalata ya kubanki anadikira mpaka anatsanzika. Nditafuna kuzimitsa pakhoma apongozi anandigwira mkono. Tinakhala choncho, tikungoonerera, mpaka mvula inakata.

Kenako anayamba kuyankhula osandiyang'ana. Anati zikufanana ndi sabata yomaliza ija kuchipatala, mmene Bonifasi ankatsegulira maso tikamuitana, n'kutsekanso, ife n'kumuitananso. Anandikumbutsa kuti namwino anatipempha kuti timuleke apume, iwo n'kumukalipira namwinoyo pamaso pa anthu. Ine ndinali nditaiwala, iwo ayi.

“Tikumutopetsa mwanayu,” anatero. “Kanthu kofiira kaja kali kuti?”

Ndinati tidikire ankhoswe, asadzanene kuti ndinawanyengerera. Anayankha kuti ankhoswe sanabale munthu. Ndiye ndinatsegula chitini, ndinachita monga munalembera. Itafika pa funso lija ndinawamasulira zonse ziwiri, sindinabise kanthu. Anafunsa ngati tikaika pambali mwana wawo azidzukabe. Ndinati inde, tikamuitana, koma azidzuka movutika chomwechi. Kenako anafunsa podina. Ndinasankha ndi mausi, koma batani anadina okha, ndi chala chong'ambika ndi ntchito ya fodya. Anakanikiza nthawi yaitali, mpaka ndinachita kuwachotsa dzanja.

Itafunsa dzina, zala zanga zinapita zokha pa B. Chizolowezi. Kaya anaona bwanji ndi maso awowo.

“Lemba lako,” anatero. “La kwanu.”

Ndinalemba Tabita, ndi dzina la bambo athu limene ndinasiya kulemba tsiku la ukwati.

Ndinkayesa kuti tsiku limeneli ndidzavina. Sindinavine. Titafika kunyumba ndinawaphikira, anadya pang'ono, tonse tinagona dzuwa lisanalowe. M'mawa mwake anakwera minibasi osadutsa kushopu. Chithunzi chimene ndinawasindikizira anachilandira, anachikulunga m'chitenje osachiyang'ana.

Kompyuta ikuthamanga, pulinta yavomera popanda mkangano, ndipo mafulashi a aphunzitsi ndikulowetsa osagunda mtima. Munanena zoona, sabata imodzi ndinagwira. Polowera pali dzina langa basi, chithunzi sindinaikepo. A Alexio anaimba okha kuti mayi wamkulu walamula, chisudzulo chichitika Loweruka la pambuyo pa Pasaka. Inu mudzayankhula pafoni, ndiye mudzakhale ndi mayunitsi, ndipo musanakonze china chilichonse mundifunse kaye. Za chipinda ku Dowa tiyambiranso kufunafuna.

Lachiwiri lapitali linali tsiku la apongozi lotenga mankhwala. Kwanga sanafikire, ndiye ndinangoti mwina atuma munthu. Cha m'ma leveni ndikutayipa pulogalamu ya ukwati ndinamva pakhomo, “Odi.” Ndinayesa kasitomala, ndinati ndikubwera, osadzutsa mutu. Patapita kanthawi ndinamvanso odi. Nditatembenuka ndinaona apongozi ali chiimire pakhonde, pepala la mankhwala kumanja, nsapato zili matope okhaokha, madzi a padenga akuwadonthera paphewa. Zaka zonsezi pakhomo limeneli sanaodirepo. Kampando kawo kanali pomwe paja, chitseko chili chotsegula, koma anaima panja pomwepo mpaka ine nditanena kuti lowani.

Ine mlongo wanu,
Tabita